Design thinking ingagwirenso ntchito m'kalasi

Aphunzitsi, mwafunsa ngati design thinking, njira yopezera mayankho a mavuto a anthu, ndi ya makampani okha. Ayi ndithu, m'kalasi imagwiranso ntchito. Phata lake ndi kuyamba mwamuonetsetsa munthu amene mukufuna kumuthandiza, chifukwa ambirife timathamangira yankho vuto tisanalimve.

Doug Dietz, amene ankapanga makina a MRI (ojambula m'kati mwa thupi kuchipatala) ku kampani ya GE, anaona kamwana kakulira poopa makinawo. Makinawo sanawasinthe. Anakongoletsa chipinda chonse kuti chioneke ngati sitima yapamadzi, ana ambiri n'kuyamba kulowamo mopanda mantha. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Inunso pemphani mnzanu aphunzitse tsiku limodzi, inu mukhale kumbuyo muone pamene ana ayambira kuyasamula. Afunseni ana eni akewo chawavuta. Kenako yesani kanjira kamodzi mawa lake, kakakanika musinthe.