Yankho kwa mayi wa mwana wopindika mapazi

Mayi, mwafunsa komwe mungapite ndi khanda lanu lomwe labadwa ndi timapazi topindikira mkati, ndalama mulibe. Musadandaule, vutoli limachizika, ndipo si kulodzedwa ayi, ngakhale ena akuuzani choncho.

Yambirani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mufunse tsiku lomwe amaona ana a vuto limeneli. Zikavuta, ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, kufupi ndi Queens. Chidatsegulidwa mu 2002, chimayendera thandizo la anthu akufuna kwabwino, ndipo ana amathandizidwa ulere.

Adokotala amawongola phazi pang'onopang'ono ndi manja, n'kuliika chikhakha chofika m'ntchafu, chomwe amasintha sabata iliyonse kwa masabata pafupifupi 6. Ana ambiri amawadula kamtsempha ka kuchidendene, kenaka amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo. Apa ndi pomwe makolo ambiri amagwa ulesi: mwana akamalira usiku amamuvula, phazi n'kubwereranso. Pirirani, azivala pogona mpaka zaka 4.

Pitani mafupa akadali anthete. Ndalama yoti mufunefune ndi ya thiransipoti, ndipo kabuku kake ka kuchipatala musakaiwale.