Lendi yotsika kunja kwa tauni ya Kasungu: kodi ndalamayo mudzaipulumutsadi?

Funso: "Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Kasungu. Tikukhala pafupi, moti ndimapita wapansi, koma lendi yafika K150,000 pamwezi ndipo eni nyumba akuti akwezanso. Tapeza nyumba ina cha kumsewu wa ku Mtunthama, makilomita 6 kuchokera pamsika, ya K80,000, bwalo lake lalikulu. Madzi n'ngogula pakiyosiki K100 ndowa, magetsi sanafike koma akuti ali m'njira. Kabaza wa njinga yamoto ndi K1,500 ulendo umodzi. Panopa ndili ndi firiji, ndimapanga mafirizesi ndi thobwa, phindu lake limakwana K45,000 pamwezi. Tili ndi ana atatu, awiri ali ku pulayimale. Bambo akunyumba akuti tisamuke, tikazolowera tidzagule poloti komweko kwa amfumu. Kodi tisamuke?" Mayi wa ku Kasungu.

Mayi, zikomo chifukwa cholemba mitengo yonse, mwatipeputsira ntchito. Maso anu ndi a bambo ali pa K70,000, kusiyana kwa lendi ziwirizi. Ndalama imeneyi si yanu kufikira mutachotsapo zonse zimene nyumba ya pafupi ndi msika imakupatsani osalipira. Tiyeni tiwerenge pogwiritsa ntchito mitengo yanu yomwe.

Tiyambe ndi ulendo. Kupita ndi kubwera ndi K3,000 patsiku. Mukamagulitsa masiku 26 pamwezi, kabaza yekha adya K78,000. Apa K70,000 ija yatha kale ndipo mwaonjezerapo K8,000 ya m'thumba. Sitinawerengere bambo ngati nawonso amagwira ntchito m'tauni, sitinawerengere tsiku limene mwana wadwala usiku ndipo mukufuna kuthamangira kuchipatala cha boma. Mudziwenso kuti lendi imakwera mwina kamodzi pachaka, pamene mtengo wa kabaza umakwera tsiku lomwelo mafuta akakwera kapena akasowa pamafilingi siteshoni. Mvula ikagwa msewu wafumbi n'kuterera, anyamata a kabaza amatchula mtengo wina.

Madzi. Banja la anthu asanu, pophika, kusamba, kutsuka mbale ndi kuchapa, silingapirire ndi ndowa zochepera 7 za malita 20 patsiku. Imeneyo ndi K700 patsiku, K21,000 pamwezi, ndipo wina ayenera kukatunga m'mawa inu musananyamuke. Kenako firiji: popanda magetsi, K45,000 ija yapita.

Zonse pamodzi ndi K144,000. Kumbali yopulumutsa kuli K70,000 ya lendi, kuphatikizapo bilu ya madzi ndi mayunitsi amene mudzasiye kugula. Simunatiuze kuti zimakwana zingati, ndiye tingoyerekeza K10,000 ya madzi ndi K20,000 ya magetsi, inu muikepo zenizeni. Zikukwana K100,000. Mukasamuka momwe zinthu zililimu, mwezi uliwonse muzitsala ndi ndalama yochepa ndi K44,000 poyerekeza ndi lero, chikhalirecho mukuuza anzanu kuti mwapeza nyumba yotchipa.

Za magetsi amene "ali m'njira" tinene mosapsatira: musawaike m'chiwerengero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pitani mukaone ndi maso anu pamene pali polo lomaliza ndi thiransifoma, muyese mtunda wake kufika panyumbapo. Funsani eni nyumba ngati nyumbayo inaikidwa kale mawaya, ngati anakalembetsa ku ESCOM, ndipo akuonetseni pepala la mtengo umene anapatsidwa ndi lisiti yolipirira. Ngati palibe pepala lililonse, palibe chimene chili m'njira. Ndipo magetsi akadzafikadi, chinthu choyamba chimene eni nyumba adzachite ndi kukweza lendi.

Chimene chingasinthe chiwerengerochi kwambiri ndi njinga yakapalasa yanuyanu. Makilomita 6 pamalo athyathyathya ngati a Kasungu ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola. Tengani mtengo wa njinga muugawe ndi K78,000: ngati njingayo ndi ya K250,000, yadzibweza yokha pakatha miyezi itatu ndi masiku ochepa. Komabe kabaza simumusiyiratu. Tsiku lotsegula belo, tsiku lamvula ndi tsiku limene thupi lakana mudzakwerabe. Tinene masiku 8 pamwezi, K24,000, kuonjezapo K5,000 yomatitsa machubu ndi kusintha masipoko. Mukatero zotayika, kuphatikizapo madzi ndi phindu la firiji, ndi K95,000, zopulumutsa K100,000. Mwapindula K5,000 yokha, ndipo mwalipira ndi ola lathunthu lopalasa tsiku lililonse. Ola limenelo lili ndi mtengo wake pabizinesi ya kaunjika. Wofika mochedwa amapeza anzake atayala kale, ndipo wothamangira kunyamuka kusanade amasiya makasitomala oweruka kuntchito, amene nthawi zambiri ndiwo amakhala ndi ndalama m'manja. Funsaninso kumene muzisungitsa katundu usiku ndi mtengo wake, chifukwa belo la makilogalamu 45 simungamayende nalo mtunda umenewo m'mawa ndi madzulo.

Ana awiri a ku pulayimale aja musawalipirire kabaza wa tsiku ndi tsiku, ndalamayo ingakugwetseni. Ngati mukusamuka, asamukenso sukulu, ndipo nthawi yabwino ndi patchuthi chachikulu, chaka cha sukulu chisanayambe. Kaoneni sukuluyo kaye: mtunda wake, kuchuluka kwa ana m'kalasi, ndi ngati pali khwawa loti awoloke nthawi yadzinja.

Palinso ndalama yotuluka kamodzi. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, yomwe ndi K240,000. Onjezani galimoto yonyamula katundu, maloko atsopano, zitsulo za m'mawindo ngati mulibe, mgolo wosungira madzi ndi kasola ka nyale ndi kutchajira foni. Ndalama imeneyi isachoke pampamba. Wogulitsa kaunjika akadya ndalama ya belo, amayamba kupikula zotsala kwa anzake pamtengo wokwera, phindu n'kuchepa, kenako amapezeka kwa akatapila.

Sitikunena kuti kunja kwa tauni kulibe phindu. Lilipo, koma lili pabwalo lija, osati palendi. Bwalo lalikulu lingakupatseni khola la nkhuku zachikuda, ndiwo zamasamba, mwinanso mizere ingapo ya chimanga chachiwisi, zinthu zimene pafupi ndi msika mumagula ndi ndalama. Koma ziwiri zitsimikizike. Choyamba, eni nyumba avomereze polemba kuti mukhoza kulima ndi kuweta, chifukwa ena amabwereketsa nyumba yokha, bwalo n'kumalimamo okha. Chachiwiri, pakhale munthu wokhala pakhomo masana. Nkhuku zopanda woziyang'anira zimatha ndi akuba ndi agalu, ndipo zopanda katemera wa chitopa miyezi itatu kapena inayi iliyonse zikhoza kutha zonse m'masiku ochepa. Dimba lothirira ndi madzi a K100 ndowa silibweza ndalama m'chilimwe, pokhapokha pafupi pali chitsime kapena mjigo.

Ena amaganiza zotsegula okala pakhomo kuti alowe m'malo mwa firiji. N'zotheka, popeza kumalo atsopano mashopu amakhala patalipatali. Musanagule katundu, khalani pamsewu wa kutsogolo kwa nyumbayo kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko m'mawa, ndiponso kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko madzulo, masiku atatu, muwerenge odutsa ndi maokala amene alipo kale. Vuto la okala ya kumalo otere ndi lakuti ogula onse ndi anansi. Amagula pang'onopang'ono, shuga wa pasupuni ndi mafuta a m'kapulasitiki, ndipo ambiri amatenga pangongole. Kuno ku Kasungu ndalama imayenda ndi zokolola: msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, soya ndi mtedza zikamagulidwa, malonda amathamanga, koma Januwale ndi Febuluwale kabuku ka ngongole kamadzadza pamene mashelefu akuyera. Chiwerengero chanu chonse muchipange ndi ndalama ya Febuluwale, osati ya Juni.

Nyumbayonso mukaiyendere mvula itagwa kumene, osati dzuwa likuswa mtengo. Muone ngati madzi amaima pabwalo, ngati m'munsi mwa makoma muli mzere wachinyontho, ngati denga likudontha, ngati chimbudzi chili cholimba. Malo ambiri otchipa ali m'dambo, ndipo m'chilimwe dambo silidziwika. Yesani netiweki ya foni muli m'nyumba momwemo, popeza makasitomala ena amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Funsani anansi, osati eni nyumba, za umbava, za ndalama imene amasonkha ya achitetezo a m'dera, komanso chifukwa chimene anachokera amene ankakhalamo.

Maganizo athu ndi awa: nyumba iyi, pamtunda uwu, yopanda magetsi, musaitenge. Koma kufunafuna musasiye, chifukwa lendi ya pakati pa tauni ipitirira kukwera. Yang'anani nyumba ya makilomita 2 kapena 3 kuchokera pamsika, poti mungathe kuyenda wapansi zikavuta, ya magetsi a mita yakeyake, ngakhale lendi yake itakhala K100,000 kapena K110,000. Kumeneko firiji ikugwirabe ntchito, kabaza mukwera mwa apo ndi apo, ndipo K40,000 kapena K50,000 imene mwapulumutsa ndi yeniyeni. Pokalowa, ngati pali mpopi, onani bilu yomaliza ya Central Region Water Board kuti musalandire ngongole ya amene anatuluka, ndipo pewani mita yogawana ndi mabanja ena, chifukwa mwini firiji ndiye amanamiziridwa nthawi zonse mayunitsi akatha. Musanapereke notisi kwa eni nyumba anu, yesani kaye: kwa masabata awiri, tsiku lililonse ikani pambali ndalama imene mukanalipira kabaza ndi madzi. Mukaona kuti bizinesi ikupuma movutikira, yankho mwalipeza musanasenze katundu.

Tsopano za poloti, pamene pamafunika kudekha koposa, chifukwa lendi yolakwika mumaithawa pakatha miyezi itatu koma poloti yolakwika imapita ndi ndalama ya zaka. Maganizo a bambo ndi abwino: kukhala kaye m'dera musanagule kumakuphunzitsani malo amene amadzadza madzi ndi mabanja amene ali pamkangano. Koma kalata ya amfumu yokha si umwini wotetezeka. Choyamba pitani ku ofesi yoona za mapulani ku khonsolo ya Kasungu Municipal mukafunse ngati malowo ali mkati mwa malire a tauni kapena kunja, komanso ngati sanaikidwe kuti padzadutse msewu, padzamangidwe sukulu kapena msika. Tauni ikamakula, nyumba zomangidwa pamalo otere ndizo zimagwetsedwa. Ngati ali mkati mwa tauni, pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe maziko, ndipo muyembekezere kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka. Ngati ali kunja, kawirikawiri ndi malo a makolo, ndipo malamulo a malo a 2016 anaika nkhani zoterezi m'manja mwa komiti yoona za malo imene wapampando wake ndi gulupu, osati munthu mmodzi. Ku ofesi ya zamalo ya boma akuuzani ngati malowo ali ndi lizi ya munthu wina, zomwe n'zofunika kwambiri kuno kumene minda yambiri inali maesiteti a fodya, komanso akuuzani njira yolembetsera m'dzina lanu.

Kenako fufuzani wogulitsayo. Malo ambiri ndi a mbumba yonse, ndipo amene akukugulitsaniyo akhoza kukhala mwana mmodzi amene wapanikizika ndi ngongole. Atsibweni ake, alongo ake ndi mkazi kapena mwamuna wake akhalepo ndipo asayine. Itanani oyandikana nawo mbali zonse zinayi, muyende m'malire pamodzi, muyeze ndi tepi, mulembe mamita ake papepala, ndipo tsiku lomwelo mukwirire zizindikiro za simenti m'makona. Poloti isakhale pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena m'gawo losiyidwira msewu, lomwe pamisewu ikuluikulu limafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Polipira, dutsitsani ndalama kubanki kapena pafoni kuti pakhale umboni, ndipo musapereke yonse pakamodzi: gawo lomaliza lidikire mapepala. Pachikalata palembedwe mayina a nonse awiri, inu ndi bambo, chifukwa ndalama ya kaunjika ilowapo ndipo mawa silidziwika.

Ndalama yogulira poloti isakhale ya ngongole ya kubanki mkhonde. Ngati gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, K500,000 imabala K100,000 mwezi uliwonse, pamene poloti yopanda nyumba siibweretsa ngakhale tambala, ndipo lendi mukulipirabe. Ngongole yotere ndi ya belo limene litha m'masabata awiri. Ya poloti muisonkhanitse kuchokera pa zimene mukupulumutsa palendi ndi zimene mudzagawane pakutha pa chaka, muziisunga pa akaunti yapadera kapena ku SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, kumene dzanja silifika msanga. Mukagula, musaisiye ili tchire: limanipo, bzalani mitengo m'malire, kumbani chimbudzi, ndipo muzikaonekera kawirikawiri, chifukwa poloti yosayenderedwa ndi imene imagulitsidwa kawiri.