Khonsolo yalanda layisensi popanda kunena chifukwa

Mayi, mwalemba kuti khonsolo yakulandani layisensi ya chigayo ndi kalata ya mizere itatu yosatchula chifukwa. Mukuti papita masabata 7, ndipo malume anu akuti mudekhe kaye chifukwa iwo akudziwana ndi wina wa ku ofesiko.

Masabata 7 amenewo ndiwo akundidetsa nkhawa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma likapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zanu, likupatseni zifukwa, ndipo zikhale zolemba. Za pakamwa za kalaliki, zija zakuti "ndi malamulo ochokera kumwamba", si zifukwa ayi. Koma njira yopempha bwalo lalikulu la milandu kuti liunike chiganizocho, imene maloya timati judicial review, ili ndi malire. Malamulo a bwaloli a 2017 amati pempho lilowe msanga, isanathe miyezi itatu chipangidwire chiganizocho.

Apa ndi pomwe ndaona milandu yabwinobwino ikufera. Munthu amalemba kalata yodandaula, amuuza kuti bwana ali ku msonkhano kunyanja, abwere Lachisanu. Lachisanulo fayilo yasowa. Akalembanso ina, akuti komiti sinakhale pansi. Iye amaona ngati akutsata nkhani yake, pomwe masiku akuwerengedwabe kuyambira tsiku limene chiganizo chija chinapangidwa. Pofika kwa loya ndi envelopu yodzaza makalata, miyezi isanu yatha. Woweruza angathe kuwonjezera nthawi, inde, koma mpaka mutamupatsa chifukwa chomveka, ndipo zoti "malume anati ndidikire" sindikhulupirira kuti zingamugwire mtima. Malumewo apitirize kuyankhula ndi mnzawoyo ngati afuna, inu musaime.

Dziwaninso kuti bwalo silikaweruza ngati chigayo chanu chili pamalo abwino kapena ayi. Limaona mmene chiganizo chinapangidwira: kodi anali ndi mphamvu, anakumvani mbali yanu, anapereka zifukwa? Mukapambana, kawirikawiri limafafaniza chiganizocho n'kuwauza kuti ayambirenso, ndipo akhoza kukukanizaninso, ulendo uno motsata ndondomeko. Choncho sindikulonjeza kuti layisensi ibwera.

Mawa lembani kalata yopempha zifukwa, mutchule gawo 43, muwapatse masiku 7 oyankhira. Adinde chidindo ndi tsiku pa kope lanu. Akakana, lembani dzina la wolandirayo ndi nthawi yake. Sungani layisensi yakale, malisiti ndi envelopu imene kalata inabweramo. Loya aonenso ngati lamulo la layisensiyo lili ndi njira yakeyake ya apilo, chifukwa bwalo limatha kubweza munthu amene waidumpha. Pa judicial review, poyamba mumapempha chilolezo cha woweruza, ndipo pomwepo mungapemphe chiletso kuti chigayo chizigwirabe ntchito, ngakhale sichiperekedwa nthawi zonse. Ndalama ya loya ikavuta, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, sabata ino, mutanyamula mapepala onsewo.