Yankho: Nixdorf anapikisana bwanji ndi IBM?

Achimwene, mwafunsa kuti Heinz Nixdorf anakwanitsa bwanji kulimbana ndi chimphona ngati IBM, kampani yaikulu ya makompyuta ya ku America. Ine ndimaona kuti nzeru yake inali yosalimbana nayo maso ndi maso.

Bamboyu anabadwira ku Paderborn, ku Germany, mu 1925. Mu 1952 anasiya maphunziro ake ku Frankfurt n'kutsegula kakampani ku Essen ndi ndalama za ku Germany za nthawiyo zokwana DM 30,000 zochokera ku kampani ya magetsi ya RWE. Nthawi imeneyo kompyuta inkadzaza chipinda chonse, ndipo ankaigula ndi makampani akuluakulu basi. Nixdorf anaganizira anthu amene ena ankawanyalanyaza: mabanki ang'onoang'ono, masitolo, kalaliki amene tsiku lonse amakhalira kulemba malisiti ndi kuwerengera malipiro. Makina ake a System 820 ankakwana muofesi wamba, ndipo mtengo wake unali wofikirika. Apa m'pamene ndimamugomera kwambiri.

Mu 1968 anagula Wanderer-Werke, kampani yopanga makina a muofesi, kampaniyo n'kukhala Nixdorf Computer AG, likulu lake kwawo ku Paderborn.

Anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima pa 17 Malichi 1986, ali ku chionetsero cha makompyuta cha CeBIT ku Hannover. Kampaniyo inayamba kuvutika makompyuta ang'onoang'ono a munthu mmodzi (PC) atafala, ndipo kampani ina ya ku Germany ya Siemens inaitenga mu 1990.