Kodi maselo athanzi angathamangitse khansa?

Mayi ena andilembera imelo. Bambo awo ali pa mankhwala a khansa, ndiye amva kuti asayansi akuyesa kupha chotupa pogwiritsa ntchito maselo athanzi. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati bambowo angathandizidwe nazo.

Zoona ndithu mayi, koma sizinafike kuchipatala.

Nkhaniyi inayambira pa ntchentche. Mu 1975, asayansi Ginés Morata ndi Pedro Ripoll anaona kuti maselo okula pang'onopang'ono amakhala bwinobwino akakhala okhaokha, koma akayandikana ndi anzawo amphamvu amafa, malo awo n'kulandidwa. Maselo amapimana mphamvu ndi oyandikana nawo. Mu 2009 gulu la Yasuyuki Fujita linaonetsa kuti selo yomwe yayamba kupotoka chifukwa cha vuto la puloteni yotchedwa Ras imapanikizidwa ndi anzake mpaka kufwamphuka, ngati njere ikamatuluka m'chipatso chofinyidwa.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi cha chiwindi. Mu 2019 gulu la Georg Halder ku Leuven, m'dziko la Belgium, silinakhudze n'komwe chotupa cha mbewa. Linangowonjezera mphamvu ya puloteni yotchedwa YAP m'maselo abwino ozungulira chotupacho, ndipo chinayamba kufota. Apa ndiye kuti chotupa chimapambana pokhapokha ngati ochizungulira ali ofooka kuposa icho. Kumalo a kafukufuku a Sanger Institute ku England nakonso, mu 2021, anapeza kuti tizotupa tambiri toyamba kumera kummero kwa mbewa timachotsedwa ndi maselo oyandikana nato tisanakule.

Vuto ndi loti khansa nayo mpikisanowu imaudziwa. Maselo okhala ndi puloteni yotchedwa Myc yochuluka amapha anzawo abwino kuti apeze malo. Komanso YAP yemweyo akachuluka kwa nthawi yaitali amayambitsa zotupa, ndiye si chinthu chomangobaya munthu mwachisawawa. Ndipo selo imodzi yopotoka n'njosavuta kuikankha, pomwe chotupa chomwe chafalikira kale ndi nkhani ina. Ine ndikuona kuti njirayi ikadzatheka idzayambira pa kupewa, osati kuchiza khansa yokhwima.

Musasokoneze izi ndi CAR-T, yomwe America inavomereza mu 2017. Imeneyo imagwiritsa ntchito maselo a chitetezo cha m'thupi, makamaka pa khansa za m'magazi.

Za bambo anu, chonde asasiye zomwe adokotala awalembera. Wina akakuuzani kuti akugulitsa maselo othamangitsa chotupa, ndalama zanu zisatuluke m'thumba. Ngati mukufuna zatsopano, afunseni adokotalawo ngati pali kafukufuku wovomerezeka amene bambo angalowemo.