Ivor Novello: nkhope imene inasinthitsa mathero a filimu

Mmodzi mwa owerenga athu anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anamva pa wailesi za mphoto zotchedwa Ivor Novello zimene amapatsa opeka nyimbo ku Britain, ndiye akufuna kudziwa ngati munthuyu anali woyimba chabe.

Zikomo pofunsa. Nyimbo ankapekadi, koma m'zaka za m'ma 1920 anthu ankakhamukira ku kanema kukaona nkhope yake.

Dzina lake lenileni linali David Ivor Davies, ndipo anabadwira ku Cardiff, ku Wales, pa 15 Januwale 1893. La Novello anatengera kwa mayi ake, Clara Novello Davies, amene ankaphunzitsa kuyimba ndi kutsogolera makwaya. Anatchuka ali ndi zaka 21 zokha, mu 1914, atapeka nyimbo yolimbitsa mitima ya mabanja omwe ana awo anapita kunkhondo. Mafilimu anawalowa nkhondoyo itatha, nthawi imene anali opanda mawu. Wosewera ankalankhula ndi maso basi, ndipo maso Novello anali nawo. Ngakhale D. W. Griffith, wopanga mafilimu wotchuka, anamuitanira ku America kukasewera mu filimu imene inatuluka mu 1923.

Ine imene imandisangalatsa ndi ya The Lodger, filimu ya Alfred Hitchcock ya mu 1927. Mu London muli chigawenga chopha akazi usiku. Kenako pakhomo pa banja lina pafika mlendo wofuna chipinda cha lendi, nsalu itaphimba kukamwa, kachikwama kali m'manja, kumbuyo kwake chifunga chokhachokha. Atalowa m'chipindamo akutembenuzira kukhoma zithunzi za akazi zomwe zinapachikidwa. Aliyense woonera amangoti wakuphayo ndi ameneyu. Koma eni kampani anakana kuti munthu wokondedwa ndi amayi chonchi akhale chigawenga, choncho mathero anakonzedwa kuti mlendoyo apezeke wosalakwa, atatsala pang'ono kuphedwa ndi gulu la anthu, ali ndi unyolo m'manja, akulendewera pa mpanda wachitsulo. Kwa ine kukongola kuja kunamulanda mbali imene akanaisewera bwino koposa.

Ku Hollywood sizinamuyendere. Kampani ya MGM inamupatsa ntchito yolemba mawu a osewera ena, mpaka anabwerera. Filimu yake yomaliza inatuluka mu 1934, ndipo kuyambira 1935 anadzipereka kwambiri ku zisudzo zanyimbo, poyamba ku Theatre Royal, Drury Lane, nyumba ya zisudzo ya ku London.

Mu 1944 anakhala m'ndende ya Wormwood Scrubs milungu 4 chifukwa chophwanya lamulo la kagawidwe ka petulo pa nthawi ya nkhondo, pofuna kuyendetsa Rolls-Royce yake. Atatuluka, oonera anamulandira ndi m'manja. Anamwalira pa 6 Malichi 1951 ndi matenda a mtima, patangopita maola ochepa atatsika pa siteji. Mphoto mwamvazo zinayamba patapita zaka zochepa iye atamwalira.