Kodi mtima wa agogo umayenda m'magazi?

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera kalata pa imelo. Akuti agogo ake aakazi, amene anabereka mayi ake, kwawo kunali ku Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo anamwalira iye ali wamng'ono moti ngakhale nkhope yawo saikumbuka bwino. Komabe akafika kumudzi, akuluakulu amamuuza kuti anatengera agogo akewo pa kuleza mtima, pa kusafulumira kulankhula anthu akamakangana, ndiponso pa kusalola kuti mlendo achoke pakhomo ndi njala. Akufuna kudziwa ngati khalidwe limayendadi m'magazi monga zimachitira nkhope ndi msinkhu, komanso pamene angayambire kufufuza kumene mtundu wawo unachokera.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyamba ndi za magazizo. Munthu aliyense amalandira theka la zimene asayansi amatcha DNA kuchokera kwa mayi ake ndi theka lina kuchokera kwa bambo ake, choncho kwa gogo mmodzi aliyense timatengako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale kuti gawolo limatha kukulirapo kapena kucheperapo. Kafukufuku wa mapasa ofanana, kuphatikizapo amene analeredwa m'makomo osiyana, wasonyeza kuti zinthu monga kupsa mtima msanga, manyazi kapena kumasuka pagulu zimatengera chibadwa ndithu, koma mwa mbali chabe. Ndiye akuluakulu akamati kufatsa kwanu n'kwakumtundu, sakunama.

Koma kusungira mlendo chakudya si chinthu chimene magazi angachinyamule okha, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuti muganizepo kwambiri. Pa chikhalidwe cha chikamwini, mwamuna ndiye amapita kukamanga kwawo kwa mkazi, ndipo mwana wamkazi amakula n'kukwatiwa nyumba yake ili pafupi ndi ya mayi ake. Izi zikutanthauza kuti mayi anu anakhala zaka zambiri akuona agogo anuwo akuomola nsima, n'kupatula mtanda umodzi m'mbale yovundikira kuti mwina wina afika mochedwa. Anawaona atakhala pamkeka akutongola chimanga, anthu awiri okangana akulankhula mpaka mawu kuwathera, iwo osawadula, kenako n'kufunsa funso limodzi lokha. Zimenezi mayi anu anazichita inu mukuona, mwina osatchula n'komwe kumene anaziphunzira. Mwambi wakuti make mbuu, mwana mbuu umanena za kulera kumeneku. Ndiponso mwana amene amauzidwa kawirikawiri kuti anatengera munthu wolemekezeka amayamba kudzisunga kuti asachititse manyazi dzinalo, n'chifukwa chake makolo athu sankapereka dzina la malemu kwa khanda mwachisawawa.

Ine ndimadandaula tikamangoti zonse n'zamagazi, chifukwa potero timawalanda agogo ulemu umene anauvutikira. Amayi a m'badwo wawo ambiri anasunga mabanja okha amuna ali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodiko, kapena m'mafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), ndipo ena mwa amunawo anasanduka matchona osabwereranso. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, koma pofika nthawiyo midzi yambiri inali itazolowera kale kuyendetsedwa ndi amayi. Mayi wotere ankalima, kusamala nkhokwe kuti ifike masika, kulera ana ake ndi a abale ake, kwinaku akudikira kalata imene mwina sinkabwera. Ngati agogo anu anali woleza mtima ndi wopatsa m'nyengo yotereyi, ndiye kuti ankasankha kutero tsiku ndi tsiku, pamene anali ndi zifukwa zokwanira zoumira manja. Chibadwa chinawapatsa kufatsa, koma chimene anachita nako kufatsako chinali ntchito yawo, ndipo chimenecho ndicho choyenera kuchisirira.

Pa nkhani yofufuza mtundu, chenjerani ndi chiwongo. Achewa amawerenga mbumba kudzera kwa mayi, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi amalume, koma chiwongo monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe masiku ano munthu amachitenga kwa bambo. Ngati agogo anu ankaitanidwa kuti NaBanda, dzinalo likukulozerani kwa bambo awo, pamene munda, manda ndi ufumu wa pamudzi zili kuchikazi. Ku Mtakataka nkhaniyi ndi yolukanalukana kwambiri, chifukwa kufupi ndi kumeneko n'kumene kunali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi, ndipo m'dera lomwelo munadzakhazikika Angoni a Kachindamoto, amene anakwatirana ndi Achewa kwa mibadwo ingapo. Musadabwe mukapeza kuti banja lanu lili ndi mizu mbali zonse ziwiri.

Zolembedwa zilipo, koma n'zochepa. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kukakamizidwa ndi lamulo m'Malawi mu 2015, choncho chikalata cha kubadwa cha agogo musachiyembekezere. Ngati anali Akatolika, mishoni ya Mua, imene inakhazikitsidwa mu 1902, ili pafupi ndi kwanu, ndipo mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'maparishi amalemba mayina a makolo ndi mudzi. Pa Mua pomwepo pali malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene akusunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zikalata zakale za boma, koma zambiri za kumeneko zimanena za mafumu, misonkho ndi milandu, osati za mayi wamba wa kumudzi. Kuyezetsa DNA kungakuuzeni za chigawo chachikulu cha Africa kumene makolo anu anachokera, koma sikungakutchulireni mudzi kapena kusiyanitsa Phiri ndi Banda.

Nkhokwe yeniyeni ya mbiri yanu ndi anthu amene akadali moyo: mayi anu, amayi aakulu ndi aang'ono, amalume, nyakwawa ya mudziwo, ndi anzawo a agogo amene anavinidwa nawo chinamwali chimodzi. Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukafunsa kuti agogo anali munthu wotani, adzakuyankhani ndi mawu otamanda a pamaliro, akuti anali munthu wabwino wokonda anthu, ndipo mudzabwerako opanda chatsopano. Funsani kuti njala ya 1949 inawapeza ali kuti, anasunga ana a ndani, mkangano uti umene anauthetsa, ndiponso tsiku limene anapsa mtima anthu n'kuwaopa. Funsaninso zofooka zawo mwaulemu, chifukwa munthu amene amangotamandidwa simungamudziwe, ndipo mudzawakonda kwambiri mukamva zimene ankalimbana nazo mumtima mwawo.

Popita kwa akuluakuluwa musapite chimanjamanja. Shuga, sopo kapena chitenje n'zokwanira. Khalani pansi, musawafulumize, ndipo pemphani chilolezo musanajambule mawu awo pa foni. Ngati mukufuna kukaona manda, yambani mwadzera kwa amfumu, popeza kumanda sikulowedwa popanda chilolezo chawo. Pamene mukudikira ulendo wa kumudzi, imbirani mayi anu, muwapemphe akutchulireni mayina a amayi a mbumba yanu kubwerera m'mbuyo mpaka pamene akukumbukira, pamodzi ndi chiwongo ndi mudzi wa aliyense, ndipo mukafika ku Mtakataka mukayambe ndi munthu wamkulu kwambiri mwa onse amene atsala.